Bokosi la NAS lafa: kodi zithunzi za m'madisiki zingapulumuke?

Funso: Ndimajambula zithunzi ndi mavidiyo a maukwati ku Blantyre. Ntchito yanga yonse ndimaisunga m'bokosi la NAS (losungira mafayilo pa netiweki) la kampani ya Synology, la madisiki anayi, iliyonse ya 4 TB, pa RAID 5. Kwa miyezi ingapo kanyali ka disiki imodzi kankayaka chikasu, koma popeza zonse zinkayenda ndinazengereza kugula ina. Sabata yatha magetsi anathima, ndipo atabwera bokosi silinadzukenso, kanyali ka buluu kakungophethira. Mnzanga anachotsa disiki imodzi n'kuilumikiza pa kompyuta ya Windows koma sikuonetsa kalikonse, ndiye akuti tiifomate kaye. Muli maukwati awiri omwe sindinapereke kwa eni ake. Kodi zonse zapita?

Yankho:

Bambo, pepani kwambiri. Malinga ndi mmene mwafotokozera, mwayi woti zithunzi zanu zikadalimo ndi waukulu. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi masiku akubwerawa, chifukwa mafayilo ambiri otere amaonongeka m'manja mwa anthu ofuna kuthandiza. Mnzanuyo muuzeni lero lomwe kuti asafomate. Windows ikatulutsa uthenga wa Format kapena Initialize, akane n'kuchotsa disikiyo. Kuyambira pano pasalembedwe kanthu kalikonse pa madisiki anayiwo.

Zulani bokosilo kumagetsi. Tengani cholembera ndi tepi, ndipo pa disiki iliyonse mulembe nambala ya malo omwe inali, 1 mpaka 4. Lembaninso papepala serial number ya iliyonse, ndi kuti ndi iti yomwe inkayaka chikasu. Ngati simukukumbukira bwino musangolota, tiidziwa mwa njira ina.

Musanalowe m'zovuta zonsezi, ganizani kaye za maukwati awiriwo. Makadi a kamera omwe munajambulira ali kuti? Kufomata khadi m'kamera kawirikawiri sikufufuta zithunzi zenizenizo, kumangofufuta mndandanda wake, ndipo pulogalamu yaulere ya PhotoRec imatha kuzibweza ngati simunajambulirepo zina pamwamba. Makadi amenewo aikeni padera. Yang'ananinso pa laputopu yomwe mumakonzera zithunzi, ndipo ngati panali wina wokuthandizani kujambula, mufunseni ngati anasunga zake. Mwina mupeza kuti theka la nkhawa yanu latha musanakhudze bokosi.

Tsopano chifukwa chomwe Windows sikuona kanthu. NAS ndi kakompyuta koyendera Linux. Disiki iliyonse ya mu Synology imagawidwa: kachigawo kakang'ono kosunga DSM, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa bokosi, kena kakang'ono kothandizira memory, kenako chigawo chachikulu cha mafayilo anu. Zigawo zikuluzikulu za madisiki anayi zimamangidwa pamodzi ndi chida cha Linux chotchedwa mdadm, pamwamba pake nthawi zambiri pamakhala LVM, chida china chogawira malo, ndipo pamwamba penipeni pali njira yosanjira mafayilo, ext4 kapena Btrfs. Windows imawerenga NTFS, FAT32 ndi exFAT. Zinazi siizidziwa, choncho imakhala chete kapena kunena kuti disiki ilibe kanthu. Kusaonetsa kanthu kumeneko sikukutiuza chilichonse za thanzi la disikiyo.

Ngakhale Windows ikanatha kuwerenga, disiki imodzi payokha sikanakupatsani chithunzi ngakhale chimodzi. RAID 5 imaduladula fayilo m'tizidutswa, pa Synology timakhala ta 64 KB, n'kumatimwaza pa madisiki onse mosinthanasinthana. Chithunzi cha RAW cha 20 MB chili m'tizidutswa toposa 300, ndipo disiki iliyonse ili ndi gawo chabe. Pa mzere uliwonse wa tizidutswa titatu, makinawo amawerengetsera kachinayi kotchedwa parity. Ganizo lake lili ngati masamu awa: mukadziwa kuti 3, 5 ndi nambala ina zikaphatikizidwa zimapanga 12, mudziwa kuti yosowayo ndi 4. Koma zikasowa ziwiri, palibe njira. N'chifukwa chake madisiki anu anayi a 4 TB ankakupatsani malo a 12 TB okha, ndipo n'chifukwa chake ntchito inkayendabe disiki imodzi itadwala. Miyezi yonse ija munali ngati galimoto yoyenda pa tayala la sipeya. Apa ndiye pagona nkhani yanu: ngati yachikasu ija inatulukadi m'gulu, madisiki atatu otsalawo akufunika onse, ndipo palibe yomwe tingaitaye.

Tiyambe ndi bokosi, chifukwa ndi lotsika mtengo kuliyeza. Madisiki onse ali kunja, liyatseni lopanda kanthu n'kulilumikiza ku netiweki. Bokosi labwino limalira kamodzi pakapita kanthawi ndipo limaoneka mu pulogalamu ya Synology Assistant. Likapitiriza kuphethira buluu lili lopanda madisiki, ndiye kuti vuto lili m'bokosi momwemo, ndipo kwa inu imeneyo ndi nkhani yabwino. Choyamba kukayikira ndi adaputa ya magetsi. Wokonza zamagetsi aiyeze ndi mita ngati ikutulutsadi 12 V. Chonde musabwereke ya laputopu poona kuti mutu ukulowa. Zambiri za malaputopu zimatulutsa 19 V, ndipo mphamvu imeneyo ikhoza kupsereza madisiki onse nthawi imodzi. Onaninso dzina la bokosi lanu. Mu 2017 zinadziwika kuti mapurosesa a Intel Atom C2000 anali ndi chilema chomwe chimapangitsa makina kulephera kudzuka akagwira ntchito nthawi yaitali, ndipo mabokosi ngati DS415+, DS1515+ ndi DS1815+ anali ndi purosesa ya mtundu umenewo. Bokosi lotere limatha kuyenda bwinobwino mpaka tsiku lomwe lazimitsidwa, osadzukanso.

Ena akuuzani kuti mungogula bokosi lina la Synology n'kulowetsamo madisiki. N'zoona kuti njira imeneyo ilipo, ndipo DSM imazindikira madisiki ochokera m'bokosi lina n'kufunsa ngati mukufuna kusunga mafayilo. Madisiki anayi onse akanakhala athanzi ndikanavomera. Kwa inu ndikukana. Kusamutsako kumalemba pa madisiki, ndipo mukaikamo disiki yatsopano n'kudina Repair, makinawo amawerenga malo aliwonse a madisiki atatu otsalawo, 12 TB yonse, kwa maola ambiri osapuma. Madisiki amenewa mwina munawagula tsiku limodzi, agwira ntchito maola ofanana m'kutentha kofanana. Imodzi inatopa kale. Yachiwiri ikagwa pakati pa ntchito yomanganso, mwataya zambiri kuposa zomwe munali nazo poyamba.

Chotsatira ndi kumvetsera disiki iliyonse payokha. Pezani kompyuta ya pa tebulo yokhala ndi malo a SATA (polumikizira madisiki m'kati mwa kompyuta), chifukwa kulumikiza mwachindunji kumapirira bwino malo oonongeka kuposa timabokosi ta USB. Madisiki aakuluwa amafuna 12 V, ndiye kachingwe ka USB kopanda adaputa yakeyake sikangawazungulitse, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti disiki yafa pomwe sinalandire magetsi okwanira. Ikani khutu pafupi. Disiki yabwino imayamba kuzungulira, kuchita kaphokoso pang'ono, kenako n'kukhazikika. Mukamva kugogoda kobwerezabwereza, kukhwekhwereza, kapena kulira kosonyeza kuti ikulephera kuzungulira, zimitsani pomwepo ndipo musayesenso. M'kati mwa disiki muli mbale zozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pafupi kwambiri ndi mbalezo moti kachidutswa ka fumbi n'kakakulu kuposa mpatawo. Kamutu koonongeka kamakanda mbale, ndipo pokandikapo palibe katswiri aliyense angabwezepo kanthu.

Disiki yotere ndi ya makampani okhala ndi chipinda chopanda fumbi, monga omwe ali ku Johannesburg ndi Cape Town. Musaitsegule, ndipo musalole wokonza mafoni kapena makompyuta kuitsegula pa tebulo lake. Musaiike m'firiji monga amanenera ena, chifukwa chinyezi chimakhala pa mbale. Ngati disiki ili zii osazungulira n'komwe, mwina chapsa ndi kabolodi ka kunja. Kameneko kamakonzeka, koma kungosinthanitsa ndi ka disiki ina yofanana sikuthandiza pa madisiki amakono, chifukwa kachipu kena ka pa bolodi kamasunga zinthu za disiki imodzi yokhayo ndipo kamayenera kusamutsidwa.

Tinene kuti atatuwo akuzungulira bwino. Ikani Ubuntu, womwe ndi mtundu wa Linux, pa fulashi, yatsani kompyuta kuchokera pa fulashiyo ndipo sankhani Try Ubuntu, osati Install. Mukalumikiza intaneti, ikani smartmontools, gddrescue, mdadm ndi lvm2. Lamulo la lsblk -o NAME,SIZE,SERIAL likuonetsani dzina lomwe Linux yapatsa disiki iliyonse, monga sdb kapena sdc, pamodzi ndi serial number. Apa ndi pomwe pepala lija likugwira ntchito. Mayinawa amasintha mukazimitsa n'kuyatsanso, choncho muziona nthawi iliyonse. Kenako smartctl -a /dev/sdb ikupatsani mbiri ya thanzi la disiki, yotchedwa SMART. Yang'anani mizere ya nambala 5, 197 ndi 198. Wa 5 ukunena za malo omwe anaonongeka n'kusinthidwa, wa 197 za malo omwe akukanika kuwerengeka pakali pano, wa 198 za omwe alephereka. Pa disiki yathanzi yonse imakhala 0. Musayendetse mayeso aatali pa disiki yodwala, mphamvu zomwe yatsala nazo zigwire ntchito yokopera.

Gawo lomwe anthu amalumpha, ndipo ndi lomwe ndikufuna mulisamale koposa, ndi kukopera disiki yonse, malo ndi malo, kupita pa disiki ina, kenako n'kumagwira ntchito pa kope. Mukalakwitsa pa kope mumangokoperanso. Mukalakwitsa pa disiki yeniyeni palibe pobwerera. Ndikudziwa kuti madisiki atatu a 4 TB, kuphatikizapo malo oikapo mafayilo opulumutsidwa, ndi ndalama zambiri. Koma madisikiwo mudzawafunabe pa bokosi latsopano, ndiye ndalamayo sikutayika. Ngati thumba silikulola, koperani yomwe SMART yasonyeza vuto, ndipo zathanzizo muzitseke kuti zisalembedwe ndi lamulo la blockdev --setro, pa disiki ndi pa zigawo zake, nthawi iliyonse mukayatsa. Njira yachiwiriyi ili ndi chiopsezo, ndipo ine pa ntchito ya makasitomala ndingasankhe kukopera onse.

Chida chake ndi ddrescue. Kusiyana kwake ndi kukopera wamba n'koti ikafika poonongeka siikakamira, imadumpha n'kutenga kaye zonse zowerengeka, ndipo povutapo imabwererako pamapeto. Lumikizani disiki imodzi yakale ndi imodzi yatsopano yofanana kukula kapena yoposerapo. Ulendo woyamba lembani ddrescue -f -n /dev/sdb /dev/sdc disiki2.map, pomwe sdb ndi yakale ndipo sdc ndi yatsopano. Onetsetsani kawiri, katatu, kuti simunatembenuze, chifukwa mukatero mukopera disiki yopanda kanthu pamwamba pa zithunzi zanu. Ikamaliza, ngati panatsala malo osawerengeka, bwerezani ndi -f -d -r3 pa fayilo ya map yomweyo kuti iyeserenso katatu.

Fayilo ya map imeneyi ndi yofunika kwambiri kwathu kuno. Imasunga pomwe ntchito yafika, moti magetsi akathima mumapitiriza pomwe munalekera. Koma Ubuntu wa pa fulashi amaiwala zonse akazima, choncho fayiloyo muisunge pa fulashi yachiwiri. Disiki yathanzi ya 4 TB imatenga maola 8 mpaka 10, yodwala ikhoza kutenga masiku. Gwirani ntchitoyi pomwe pali UPS (batire yopitiriza kupereka magetsi akathima) kapena inveta, ndipo muike fani kuti izipemerera madisiki.

Makope akatheka, sungani madisiki enieni m'kabati, lumikizani makope onse. Lamulo la mdadm --examine pa chigawo chachikulu cha disiki iliyonse, chomwe chimakhala cha nambala 3, kapena 5 ngati bokosi linali pa SHR (mtundu wa RAID wa Synology), likuonetsani zinthu zitatu zofunika: Device Role, yomwe ndi malo a disiki m'gulu, Update Time, yomwe ndi nthawi yomaliza kulembedwa, ndi Events, nambala yomwe imakwera gulu likamagwira ntchito. Madisiki omwe anali limodzi mpaka tsiku lomaliza amakhala ndi Events yofanana kapena yosiyana pang'ono chabe. Yachikasu ija, ngati ikuwerengeka, idzaonetsa tsiku la miyezi yapitayo ndi nambala yotsalira kutali. Umu ndi momwe muidziwire ngati munaiwala.

Disiki yotsalirayo musailowetse m'gulu. Ili ndi tizidutswa takale, ndipo mukaisakaniza ndi zinzake mupeza mafoda akuoneka bwino, mayina a mafayilo alipo, koma zithunzi zatsopano, kuphatikizapo maukwati awiri aja, zikutseguka theka kapena osatseguka. Komabe musaitaye. Ngati pa imodzi mwa zitatuzo pali malo omwe akanikiratu, katswiri akhoza kutengako tizidutswa ta mafayilo akale omwe sanasinthe.

Mangani gululo ndi atatu: mdadm --assemble --readonly --run /dev/md2 kenako mayina a zigawo zitatuzo. Popeza magetsi anathima gulu lili kale lopunduka, mdadm ikhoza kukana. Pamenepo pamafunika --force, yomwe imasintha pang'ono zolembedwa pa madisiki, ndiye ichitike pa makope okha. Pali lamulo lina lomwe mudzaliona pa intaneti, mdadm --create, lomwe ena amati limakonza gulu lokana. Limeneli limalemba chizindikiro chatsopano pamwamba pa chakale, ndipo mukaphonya dongosolo la madisiki kapena kukula kwa tizidutswa, mwafufuta umboni womwe ukanathandiza kukonza. Lisiyeni.

Gulu likadzuka, lembani vgchange -ay kenako lvs kuti muone ngati pali LVM. Mudzaona dzina ngati vg1/volume_1 kapena vg1000/lv. Ngati palibe, mafayilo ali pa /dev/md2 mwachindunji. Tsegulani mongowerenga. Pa ext4 gwiritsani ntchito mount -o ro,noload, ndipo pa Btrfs mount -o ro. Btrfs ya Synology nthawi zina imakanidwa ndi Ubuntu watsopano ngakhale ilibe vuto, ndipo malangizo a kampaniyo pa nkhaniyi amatchula Ubuntu 18.04, choncho ikakana yesani ameneyo musanataye mtima. Palinso lamulo la btrfs restore lomwe limakopa mafayilo osalemba kanthu pa gwero. Zomwe simuyenera kuyendetsa ndi fsck komanso btrfs check --repair. Zimenezi zimakonza mwa kudula ndi kutaya zomwe sizikuzimvetsa. Ngati munatseka mafoda ena ndi encryption, mufunika pasiwedi yake kapena fayilo ya kiyi, ndipo popanda zimenezo palibe angawatsegule.

Mafoda akaoneka, mtima udzafuna kukopera zonse nthawi imodzi. Yambani ndi maukwati awiri aja, kenako catalog ya Lightroom ngati mumaigwiritsa ntchito, mapepala a bizinesi, ndiye zakale. Koperani kupita pa disiki ina yosakhala m'gululo. Mukatero tsegulani mafayilo muone ndi maso. Sankhani akuluakulu, chifukwa fayilo yochepera 64 KB ikhoza kukhala pa disiki imodzi n'kutseguka bwino ngakhale gulu litamangidwa molakwika. Vidiyo muionere poyambira, pakati ndi kumapeto. Mafayilo omwe ankalembedwa pa nthawi yomwe magetsi anathima akhoza kukhala oonongeka, ndipo zimenezo zisakudabwitseni.

Ngati malamulo a Linux akukuopsani, pali mapulogalamu ogula omwe amayenda pa Windows, monga UFS Explorer, R-Studio ndi ReclaiMe. Amazindikira RAID ya NAS, amawerenga ext4, ndipo ena amawerenganso Btrfs, choncho onani kaye kuti mtundu womwe mukutenga ukugwirizana ndi bokosi lanu. Amakulolani kuona mafayilo musanalipire. Nawonso muwagwiritse ntchito pa makope, ndipo zomwe apeza zisungidwe pa disiki ina. PhotoRec pa gulu lonse ikhale njira yomaliza, chifukwa imabweza mafayilo opanda mayina ndi mafoda awo, ndipo kusanja zithunzi za zaka zambiri zosakanikirana ndi ntchito yowawa. Kwa owerenga omwe ali ndi NAS ya kampani ya QNAP, dziwani kuti mabokosi ake ambiri amaika LVM ya mtundu wawo yomwe Ubuntu wamba amavutika nayo, ndiye kumeneko mapulogalamu ogulawa amathandiza kwambiri.

Mukasankha kupereka ntchitoyi kwa munthu wina, palibe cholakwika, koma mufunseni kuti ayamba ndi chiyani. Akati ayamba ndi kukopera disiki iliyonse, n'kukuuzani chida chomwe agwiritse ntchito ndi komwe aike makopewo, ameneyo akudziwa. Akati aikamo disiki yatsopano kuti imangenso, kapena akuti aiyendetsa kaye pulogalamu yokonza, tengani madisiki anu muzipita. Mugwirizanenso za chinsinsi, chifukwa zithunzizo ndi za mabanja a anthu.

Eni maukwati aja auzeni msanga kuti makina anu avuta ndipo mukukonza. Kulankhula kotero n'kovuta, koma kukupatsani mpata wogwira ntchitoyi modekha, ndipo kuthamanga sikufika. Munthu yemwe akuimbiridwa foni m'mawa ndi madzulo ndi amene amadina Repair usiku.

Zikatheka, bokosi latsopano likhale ndi UPS yolumikizidwa ndi chingwe cha USB, kuti magetsi akathima DSM idziwe n'kuimitsa ntchito mwadongosolo batire isanathe. Yatsani mauthenga a imelo kuti disiki ikayamba kudwala mudziwe tsiku lomwelo, ndipo muisinthe sabata yomweyo. RAID imangothandiza kuti ntchito isaime disiki imodzi ikafa. Siiteteza ku moto, akuba, mphezi, fayilo yofufutidwa mwangozi, kapena achiwembu a pa intaneti ngati omwe anatseka mafayilo a m'mabokosi a NAS ndi SynoLocker mu 2014 ndi DeadBolt mu 2022. Mufunika kope lachiwiri pa disiki ya USB, lomwe pulogalamu ya Synology ya Hyper Backup ikhoza kumalipanga yokha, ndipo disikiyo izikagona nyumba ina. Makadi a kamera musawafomate mpaka ukwati uli m'malo awiri.

Madisiki anayi akalewo musawagwiritsenso ntchito msanga. Akhale m'kabati ndi manambala awo mpaka mutatsegula ntchito za chaka chilichonse n'kukhutira kuti zonse zilipo, chifukwa fayilo yosowa imadziwika pakapita miyezi, kasitomala akabwera kudzapempha chithunzi china. Pambuyo pake, yachikasu ija ndi ina iliyonse yomwe inaonetsa nambala pa 197 kapena 198 isalowenso m'bokosi losunga ntchito.